Chisamani cha banki chandipeza ndili pa ulova, ndiyankhe bwanji?

Funso: Zikomo a loya. Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Chitakale ku Mulanje, kwawo kwa akazi anga. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka 8, mpaka mu 2024 pomwe anatichepetsa. Ndili pa ntchito a banki anandipatsa kirediti khadi, ndipo pomwe ntchito imatha n'kuti nditadyapo pafupifupi K1,400,000, yambiri pa fizi ya ana ndi kudzutsa khoma la nyumba limene linagwa ndi namondwe wa Freddy. Lachiwiri lapitali kunabwera munthu ndi chisamani cha ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, akuti ndibweze K2,900,000. Ine pano ndikungodalira kabaza, njinga yamoto yakenso ndi ya alamu anga. Anzanga ena akuti ndingokhala chete poti wopanda kanthu salandidwa kanthu, ena akuti ndiyambe ndawolokera ku Milange ku Mozambique mpaka zizizire. Kodi andimanga? Nanga katundu wa m'nyumba, amene wambiri ndi wa mayi a ana, adzatengedwa?

Yankho: Pepani bambo ndi zimene zakugweranizi. Koma tisanafike pa za kumangidwa ndi za katundu, tengani chisamanicho, tengani ndi kalendala, chifukwa chimene chikuthamanga panopa ndi masiku.

Malamulo oyendetsera milandu ngati wanuwu ku Khoti Lalikulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amaika manambala awiri pa chisamani: 14 ndi 28. Pasanathe masiku 14 mubweze ku khoti fomu imene inabwera yophatikizidwa ndi chisamanicho, yolembedwa kuti Response pamwamba pake. Pasanathe masiku 28 mukhale mutapereka chikalata chotsutsa, ngati pali chimene mukutsutsa. Powerenga muyambire tsiku lomwe munalandiralo. Munalandira Lachiwiri, ndiye tsiku la 14 ndi Lolemba, osati Lachiwiri linalo. Anthu ambiri amaphonya ndi tsiku limodzi lokhali. Ena amene mukuwerenga ndipo chisamani chanu chachokera kwa majisitireti pa boma la Mulanje kapena la Thyolo, masiku anu si amenewa ayi. Kumeneko kuli malamulo ake, werengani pa pepala lanulo kapena kafunseni kalaliki wa khotilo tsiku lomwelo.

Anzanu amene akuti mukhale chete amakukondani, koma sadziwa chimene chimachitika kuseri. Masiku akangokwana, loya wa banki amangotenga umboni woti chisamani munalandira n'kukapempha chigamulo. Palibe kukuitanani, palibe kuima m'bokosi, palibe woweruza amene adzamve za Freddy kapena za fizi ya ana. Chigamulo chimatuluka pa K2,900,000 yonseyo monga anailembera okha, kuwonjezapo chiwongoladzanja ndi zolipira pa mlanduwo. Mwagonja osati chifukwa choti banki inali ndi mfundo zamphamvu, koma chifukwa choti panalibe woyankha.

Ndikukumbukira bambo wina wa cha ku Luchenza amene anabwera mu ofesi mwathu zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala. Chisamani chake anachitulutsa m'Baibulo, chopindidwa kanayi, m'mphepete mutachita kuda ndi thukuta la m'manja. Anali atachisunga momwemo miyezi isanu, iye n'kumakagula nandolo ku Mozambique podzera pa Muloza, akuganiza kuti nkhani yafera m'mazira. Tsiku limene masherifu anafika iye kunalibe. Anapeza mayi akusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake pakhonde, ndipo makinawo anakwezedwa m'lole ulusi udakali pa singano. Titayang'ana mapepala tinapeza kuti pa ndalama imene ankamulipiritsayo panali ina imene anabweza kale koma sinachotseredwe. Akanangoyankha pa nthawi yake, imeneyo ikanachoka popanda ndi mkangano womwe. Akuluakulu anati mlandu suwola. Ku Milange mukhoza kukhalako chaka, koma chigamulo cha khoti chidzakudikirani, ndipo chizidzangonenepa.

Za kumangidwazo mtima ukhale m'malo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limanena poyera kuti munthu asaponyedwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi mnzake. Ngongole ya banki ndi mgwirizano, si kuba. Wina akakuimbirani foni kuti tikubwera ndi apolisi, dziwani kuti akungokuopsezani. Chimene chingakuikeni m'mavuto ndi china: kunama mutalumbira, kapena kunyozera lamulo la khoti loti mukaonekere. Umphawi wokha samangira munthu.

Tsopano ndikuuzeni chowawa, poti ndikakubisirani mukachimvera ku khoti. Ulova si yankho pa mlandu wa ngongole. Mukalemba kuti "sindingabweze chifukwa ntchito inatha", mwavomera mlandu wonse, ndipo loya wa banki adzakuthokozani. Khoti limafunsa zinthu zitatu motsatana: kodi ndalama munatengadi, kodi yatsala ndi ingati, nanga ibwezedwa motani. Kusowa kwanu kwa ntchito kumalankhula pa funso lachitatu lokha, koma pamenepo kumalankhula mwamphamvu. Funso loyamba mwayankha kale m'kalata yanu: khadi munagwiritsa ntchito. Musayerekeze kukana zimenezo. Kukana kopanda mutu kumangopatsa banki mpata wopempha chigamulo chachidule, ndipo zolipira maloya zimakwera pa msana panu. Pamene pali nkhondo yanu yeniyeni ndi pa funso lachiwiri.

Kuchoka pa K1,400,000 kufika pa K2,900,000 ndi ulendo wautali, ndipo ali ndi udindo wosonyeza njira imene anayenda ndi a banki, osati inu. Lembani kalata kwa maloya awo, adiresi ili kumapeto kwa chisamanicho, yopempha zinthu ziwiri: mgwirizano umene munasaina potenga khadi, ndi sitetimenti yonse kuyambira tsiku loyamba mpaka lero. Zikabwera khalani pansi ndi pensulo. Munali kalaliki zaka 8, mukudziwa kutsata mzere wa manambala kuposa maloya ambiri amene ndikuwadziwa.

Poyamba onani chiwongoladzanja. Cha kirediti khadi chimaberekerana: cha mwezi uno chimaphatikizidwa ku ngongole, mwezi wamawa nachonso n'kubala chake. Tingoyerekeza ngongole ya K1,000,000 pa 3 peresenti pamwezi. Popanda kuberekerana, pakatha zaka ziwiri imafika K1,720,000. Ndi kuberekerana imapitirira K2,030,000. Ndiye funso n'lakuti, kodi mgwirizano umene munasainawo ukulola kuwerengera kotero, ndipo pa mlingo umene agwiritsawo? Kodi chindapusa cha kuchedwa kubweza chinalembedwamo, kapena changotulukira m'sitetimenti? Chimene sichili mu mgwirizano, banki iyenera kufotokoza kumene yachitenga.

Kenako fufuzani ndalama zanu zomaliza za ku esiteti. Ngati malipiro anu ankadzera ku banki yomweyo, kawirikawiri banki imadzidulira yokha ndalama zotere zikangolowa mu akaunti. Ngati anadula, mzere umenewo uoneke m'sitetimenti ya khadi, pa tsiku lake. Bambo wa ku Luchenza uja ndi pamene anamupweteka pamenepa. Onaninso ngati mwezi ndi mwezi ankakudulani kandalama ka inshuwalansi. Ngongole zambiri za m'mabanki zimakhala ndi inshuwalansi yobweza ngongole munthu akamwalira kapena akalumala, ndipo zina zimafikanso pa kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kuchepetsa antchito, monga zinakuchitikirani inu. Sikuti zonse zili choncho, koma ngati munkalipira, funsani chikalata chake muwerenge nokha. Ndi zachisoni kuona munthu akugulitsa mbuzi kubweza ngongole imene kampani ya inshuwalansi inayenera kubwezako mbali ina. Ndipo ngati pa khadipo munagulirapo zinthu za m'madola, onani tsiku limene anasinthira ndalamazo kukhala makwacha, poti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kusiyana kwa sabata imodzi pamenepo ndi ndalama yooneka.

Pa chisamani pamakhalanso mzere wa ndalama zolipira maloya otolera ngongole. Anthu amauona ngati lamulo la Mose, koma nawonso umafunsika, ndipo khoti ndi limene limagamula ngati ukuyenera kugwera inu ndi kuchuluka kwake. Palinso lamulo lakale lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu yotsegulanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chapyola muyeso ndipo mgwirizanowo ndi wofinya. Kunena zoona lamuloli limaluma kwambiri akatapila kuposa mabanki, amene mitengo yawo imakhala yolembedwa poyera, choncho musaikepo mtima wonse. Koma loya wanu aliyang'ane. Lamulo lina limati ngongole ya mgwirizano ikatha zaka 6 osakasuma, mwini wake wachedwa nayo. Yanuyi ndi yaposachedwa, silikukhudzani. Ndalitchula chifukwa cha ena amene akusumiridwa pa ngongole zakalekale: dziwani kuti kubwezako pang'ono kapena kuvomera ngongoleyo m'kalata kumayambitsanso zaka 6 zija pachiyambi, ndiye musasaine kanthu musanafunse.

Mukapeza zolakwika, ndi zimenezo zolemba m'chikalata chotsutsa: ndikuvomera kuti ndinatenga mwakuti, ndinabweza mwakuti, ndikutsutsa mwakuti pa zifukwa izi. Mukatero mlandu sumathamangira kwa woweruza kukazengedwa. Ku Khoti Lalikulu milandu yambiri yotere imayamba yadzera pa kukambirana, pamene jaji amakhala mkhalapakati, inu uku a banki uko. M'chipinda chimenecho ndi mmene mawu oti "ntchito inatha" amayamba kugwira ntchito. Mukapeza kuti masamu awo ndi olondola, musataye ndalama kulimbana ndi khoma: vomerani pa fomu ija m'masiku 14, n'kupempha kuti chigamulo chisathamangire kwa masherifu koma mubweze pang'onopang'ono.

Anthu amaganiza kuti banki ikasuma ndiye kuti khomo lokambirana latsekeka. Ayi. Banki sifuna mipando yanu. Sofa wa zaka zisanu ndi wailesi ya kanema zikapita ku okushoni zimagulidwa pa mtengo wolira, masherifu n'kutengapo zawo, chofika ku banki n'kukhala nyenyeswa. Munthu wobweza K40,000 mwezi uliwonse osaphonya ndi waphindu kwa iwo kuposa lole yodzaza ndi katundu wakutha. Choncho m'kalata yomwe ija, kapena yotsatira, ikanimo pempho lanu. Pamwamba pake lembani mawu akuti "without prejudice", kutanthauza kuti zimene mukunena pofuna kugwirizana zisadzasanduke umboni wokutsutsani m'khoti. Chinthu choyamba kupempha si kuchepetsa ngongole, koma kuimitsa chiwongoladzanja. Pa ngongole ya K2,900,000, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chokha chikhoza kuposa zimene kabaza angakupatseni. Mukamabweza osachiimitsa muli ngati munthu wotunga madzi ndi dengu. Chachiwiri, pemphani kuti achotse zindapusa. Chachitatu ndiye muike nambala yanu ya pamwezi.

Nambala imeneyo ikhale yoona. Pano ndi pamene abambo ambiri amadzipweteka okha ndi manyazi: pamaso pa loya wovala taye amalonjeza K150,000 pamwezi kuti aoneke munthu, mwezi wachiwiri n'kulephera, ndipo mgwirizano wambiri umanena kuti ukaphonya kamodzi ngongole yonse imafunika nthawi imodzi. Inu mukudziwa mmene kabaza amayendera kwanuko. Tsiku la msika ku Limbuli kapena pa Chitakale pomwepo mumapezako, masabata olandira a m'maesiteti nthawi yothyola tiyi ndalama imayenda, koma mvula ikamanga msasa m'phiri masiku atatu misewu ya m'midzi n'kusanduka phala, kapena mafuta akasowa, mumabwera chimanjamanja, alamu anunso akudikira yawo ya njinga. Werengerani pa mwezi woipa, osati wabwino. Tengani kope la ana, mulembe zolowa ndi zotuluka za tsiku lililonse kuyambira lero: mafuta, ya eni njinga, ufa, fizi, sopo. Mukadzapempha khoti kuti mubweze pang'onopang'ono mudzafunika kulumbira pa chikalata chofotokoza zimene mumapeza, zimene muli nazo ndi anthu amene mukuwasamala. Woweruza amakhulupirira kope lakuda ndi mafuta a njinga kuposa misozi. Koma musabisepo kanthu. Akadzatulukira kuti muli ndi kamunda ka nanazi kamene simunakatchule, zonse zimene mwanena zimasanduka bodza.

Chenjezo limodzi ndilinene mokweza: kukambirana sikuimitsa masiku. Loya wa banki akhoza kukuyankhani mokoma pa foni kuti "musadandaule bambo, tikambirana", masiku 28 n'kumatha. Perekani mapepala anu ku khoti ngakhale mukukambirana, musunge kope lodindidwa chidindo cha khoti. Mukagwirizana, mgwirizanowo ulembedwe, usainidwe mbali zonse, ukalowe ku khoti. Ndipo ndalama iliyonse izidzera mu akaunti imene yalembedwa mu mgwirizanomo, risiti n'kusunga. Osapereka ndalama m'manja mwa munthu wobwera pakhomo, ngakhale atavala bwanji.

Tibwere ku katundu wa mayi. Ngongole ndi ya amene anasaina. Ngati akazi anu sanasaine monga wokuimirani, banki ilibe nawo mlandu, ndipo ukwati suwasandutsa angongole. Masherifu amabwera pokhapokha chigamulo chitatuluka ndipo khoti lapereka chilolezo cholanda, ndiye ali ndi mphamvu pa katundu wa inu nokha. Zovala, zofunda ndi zipangizo zimene munthu amagwirira ntchito yake lamulo limazitetezako, ngakhale chitetezo chake n'chochepa. Vuto n'lakuti sherifu akalowa m'nyumba safunsa kuti firiji iyi anagula ndani. Amalemba chimene wachipeza. Mwini wake weniweni ndiye amayenera kudandaula msanga, molemba, katunduyo asanagulitsidwe, ndipo khoti limaunika umboni. Ndiye mayi ayambe lero kusonkhanitsa malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti analipira ndi iwo, ngakhale buku la ku banki m'khonde losonyeza kuti anatenga ndalama mwezi wakuti n'kugula makina. Alamu anunso asunge bwino mapepala a njinga m'dzina lawo, ndipo ndi nzeru kulemberana kakalata kosonyeza kuti inu mumangoiyendetsa.

Apa chikamwini, chimene amuna timachidandaula pa bawo, chakuchitirani ubwino. Malo amene mukukhalapo ndi a mbumba ya akazi anu, si anu, ndipo kirediti khadi ndi ngongole yopanda chikole: simunapereke nyumba kapena munda kuti mulandire khadilo. Banki singagulitse dothi la eni ake chifukwa cha ngongole ya mkamwini. Chimene angafikeko mosavuta ndi ndalama ya mu akaunti ya dzina lanu, poti khoti likhoza kulamula banki ina iliyonse yosunga ndalama zanu kuti izipereke kwa amene munawakongola. Koma musachite zosamutsa katundu wanu usiku kukamusungitsa kwa apongozi kapena kumulembetsa mwachinyengo m'dzina la wina. Zikadziwika, woweruza yemwe akanakumverani chisoni uja amauma mtima. Ndipo auzeni mayi nkhani yonse lero ngati simunawauze. Asadzaimve kwa sherifu.

Funso lina ndikufunseni ndine: ku esiteti anakupatsani zonse? Lamulo la ntchito limati wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito alandire ndalama yotsanzikira, yowerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu n'chimodzi mpaka chakhumi, ndi a masabata anayi kupitirira apo. Pa zaka 8 zathunthu amenewo ndi malipiro a masabata 19, osawerengera notisi ndi masiku a tchuthi amene simunapume. Yerekezani ndi pepala limene anakupatsani. Ngati zikupelewera, ofesi ya zantchito pa boma ndi poyambira, ndipo khoti la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court, ndi limene limaweruza zikakanika. Penshoni nayonso ilipo: lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu amene wakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina kupempha gawo la ndalama zake. Koma apa dekhani. Ndalama ikadali ku thumba la penshoni, angongole sangaigwire. Ikangolowa mu akaunti yanu yasanduka ndalama wamba. Ine ndingakonde muitulutse pokhapokha banki itavomera molemba kuti mukapereka ndalama yakuti nthawi imodzi, yotsalayo aikhululuka kapena aimitsa chiwongoladzanja. Ndalama ya nthawi imodzi ndi nyambo yabwino pokambirana. Musaiponye m'madzi mbedza isanamangidwe.

Katapila yekha ndiye ayi. Banki imakutengerani ku khoti kumene kuli malamulo ndi masiku. Wakatapila amasunga khadi lanu la ATM ndi chitupa, chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi n'kuposa cha banki cha chaka. Musakakamizenso mayi kukatenga ngongole ku banki m'khonde kuti mutseke dzenje ili, chifukwa pamenepo ngongole imene sinali yawo isanduka yawo, ndipo amayi a m'gulu akabwera kudzatenga mapoto ndi malata sadikira chidindo cha khoti.

Loya wolipira mwina simungamukwanitse, n'chifukwa chake boma linakhazikitsa Legal Aid Bureau yothandiza anthu osowa, pa milandu ya ngongole yomwe, osati ya upandu yokha. Ali ndi ofesi ku Blantyre, ndipo kalaliki wa pa khoti la majisitireti pa boma akulozerani imene ili pafupi nanu. Adzakufunsani za kapezedwe kanu, ndiye kalata yokuchotsani ntchito ija ndi umboni wanu woyamba. Ali ndi anthu ambiri pa mzere, choncho musakangosiya mapepala n'kubwerera kukadikira foni. Auzeni tsiku limene masiku 14 akuthera, ndipo ngati sangathe kukuthandizani lisanafike, kaperekeni nokha fomu ija ku ofesi yolandirira mapepala ya khoti limene latchulidwa pamwamba pa chisamani. Munthu amaloledwa kudziimira yekha. Ngati mukuona kuti banki inakudulani zosayenera ndipo sikukuyankhani, mukhozanso kudandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse, koma dandaulo limenelo siliimitsa mlandu wa ku khoti.

Kwa amene mukuwerenga masiku atakutherani kale: chigamulo chotuluka munthu asanayankhe chimatheka kuchifafaniza, mukasonyeza chifukwa chomveka chimene simunayankhire ndiponso kuti muli ndi mfundo yeniyeni yotsutsira. Pakadutsa miyezi itatu muyeneranso kufotokoza chimene munachedwera, ndipo "ndinkaopa" si chifukwa chimene oweruza amachikonda. Dzina lanu, bambo, mwina lafika kale ku mabungwe osunga mbiri ya angongole monga Credit Data ndi TransUnion. Mukadzamaliza kubweza mudzatenge kalata ya banki yotsimikiza kuti mwamaliza, mukaonetsetse kuti mbiriyo yakonzedwa, chifukwa idzakutsatani tsiku limene mudzafune ngongole ya njinga yanuyanu.

Mawa m'mawa njinga ipume. M'chikwama muikemo chisamani ndi mapepala onse amene chinabwera nawo, chitupa cha unzika, kalata yokuchotsani ntchito, pepala la malipiro omaliza, sitetimenti iliyonse imene muli nayo ngakhale yong'ambika, ndi kope lija. Chilichonse mujambulitse makope atatu pa Chitakale pomwepo musanakwere minibasi ya ku Limbe: limodzi la khoti, limodzi la maloya a banki, limodzi lanu, ndipo lanulo musachoke pa kauntala lisanadindidwe.